Lachitatu m'chipinda cha maphunziro apadera

Lero m'mawa tinakonza ngodya imodzi ya chipinda chathu kuti ikhale malo amene mwana angathawireko phokoso likamukulira. Ena mwa ana amene timaphunzitsa ali ndi autism (vuto la kakulidwe ka ubongo limene limakhudza mmene mwana amalankhulirana ndi ena ndiponso mmene amamvera zinthu zomuzungulira), ndipo kulira kwa belu kapena kugunda kwa mvula pa malata kumawapweteka m'makutu, pamene anzawo ena amafunitsitsa kugwiragwira zinthu ndi kudzigwedeza kuti thupi likhazikike.

Maganizo okhala ndi zipinda zoterezi anachokera ku Netherlands m'zaka za m'ma 1970, kumene Ad Verheul ndi Jan Hulsegge anayambitsa zipinda zotchedwa Snoezelen, zomwe zimakhala ndi magetsi a mitundumitundu, machubu a madzi otulutsa thovu ndiponso nyimbo zapansipansi. Ife zimenezo sitingazikwanitse, ndipo ngakhale tikanazipeza, magetsi athu amazimazima. Choncho tinaika beseni la mchenga wosefa, mabotolo a madzi opaka mitundu omwe tinamata zivundikiro zake, komanso katoni yomwe tinasokerapo zidutswa za chitenje, chiguduli ndi mkeka kuti ana azisiyanitsa chosalala ndi chokhakhala. Chimanga chotonola tinachichotsa, chifukwa pali ana amene amaika m'kamwa kapena m'mphuno chilichonse chimene agwira.

Masana kunabwera mayi wina atanyamula bulangete lolemera, la mtundu umene ena amati umathandiza ana a autism kugona, limene telala anamusokera, m'timatumba take atathiramo nyemba. Litaikidwa pa sikelo linakwana makilogalamu 5, pamene mwana wake amalemera makilogalamu 20 okha. Ndinawafotokozera mayiwo kuti malangizo amene akatswiri ambiri amatsatira ndi akuti bulangete lotere lisapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwa mwana, kuti lisaphimbe kumutu, ndiponso kuti mwanayo azitha kulichotsa yekha. Sindinawabisire kuti kafukufuku wa ku Britain wa mu 2014 anapeza kuti mabulangete amenewa sanawonjezere tulo ta ana a autism, ngakhale kuti makolo ndi ana ambiri anawakonda. Ine ndimaona kuti chipangizo chiyenera kusankhidwa pambuyo pomuonetsetsa mwanayo, osati chifukwa chakuti chatchuka pa Facebook.

Potsanzikana, mayiwo anafunsa ngati zotseka m'makutu zingathandizenso mchimwene wamkulu wa mwanayo amene amakana kudutsa pafupi ndi chigayo. Ndinawabwereka zathu kuti akayesere mpaka Lolemba, ndipo mawa adzapita kwa telala kuti akachepetse nyemba zija zitsale makilogalamu 2.