Dzanja la woyendetsa paver limaoneka pa msewu

Anthu amene amadutsa pamalo pamene tikuthira phula amaona makina aakulu akuyenda pang'onopang'ono kuposa nkhalamba yoyendera ndodo, ndipo ambiri amaganiza kuti munthu amene wakhala pamwamba paja alibe chochita. Inenso ndinkaganiza choncho pamene ndinali kugwira fosholo kumbuyo kwa paver, makina oyala phula pamsewuwo, kuno ku Kasungu, mpaka tsiku limene bambo amene anandiphunzitsa ntchitoyi anandikweza pampando n'kundiuza kuti, "Mwana wanga, makinawa safuna munthu wa manja oyabwa." Zinanditengera nyengo yathunthu ya chilimwe kuti ndimvetse zimene ankatanthauza.

Chinsinsi chonse chili pa screed, chitsulo chachikulu chosalaza chimene chimakokedwa kumbuyo kwa makinawa. Chitsulochi sichinamangidwe kuti chikhale pa msinkhu umodzi, koma chimayandama pamwamba pa phula lotentha ngati bwato pamadzi, ndipo chimakokedwa ndi mikono iwiri yachitsulo. Njira imeneyi inayamba ndi kampani ya Barber-Greene ya ku America m'zaka za m'ma 1930, ndipo makina a masiku ano monga a Vögele, Dynapac ndi Caterpillar amagwirabe ntchito motero. Popeza screed imayandama, chilichonse chimene chasintha kutsogolo kwake chimaikweza kapena kuitsitsa. Mukawonjezera liwiro, imatsika ndipo phula limapyapyala. Mukachepetsa liwiro, imakwera. Phula likachuluka pa auger, chitsulo chopota chija chimene chimalimwaza m'mbali zonse, screed imakwera, ndipo likachepa imagwa. N'chifukwa chake mulu wa phula umayenera kufika cha pakati pa auger nthawi zonse, kuyambira kumanzere mpaka kumanja, osaikwirira komanso osaisiya poyera.

Cholakwa chachikulu cha ophunzira ndicho kupotokola chosinthira makulidwe pafupipafupi. Munthu amalowetsa kandodo koyezera, n'kuona kuti phula lapyapyala pang'ono, n'kupotokola; akayenda mita imodzi amayezanso, n'kupeza kuti palibe chasintha, n'kupotokolanso. Sadziwa kuti screed imachedwa kumvera, moti imafunika kuyenda mtunda wokwana pafupifupi kasanu kutalika kwa mikono yoikoka ija kuti ifike pa msinkhu watsopano. Zopotokola zonse zija zikadzayamba kugwira ntchito pamodzi, phula limakhuthala kupitirira muyezo, iye n'kuyamba kubweza, ndipo msewu umatuluka wa mafunde. Ndi bwino kusintha kamodzi, pang'ono, kenako n'kudikira. Muyenera kukumbukiranso kuti rola ikadutsa phula limatsika, choncho ngati injiniya akufuna mamilimita 40, ife timathira pafupifupi mamilimita 50.

Nkhani imene imandipweteka mtima kwambiri ndi ya kuima. Paver ikaima nthawi yaitali, screed imamira pang'ono m'phula lofewa n'kusiya mzere, ndipo phula limene lili kutsogolo kwake limazizira n'kulimba, moti mukanyamuka imakwera pamwamba pake n'kusiya bampu. Pa chifukwa chimenechi, liwiro la paver silichokera m'mutu mwa woyendetsa koma m'kuchuluka kwa matipa amene akubwera. Ngati pamalo pophikira phula pali patali ndipo tipa imafika pakatha mphindi 15 zilizonse, ndi kupusa kuthamanga n'kumaliza katunduyo m'mphindi 5 kenako n'kukhala mphindi 10 mukudikira. Kapitawo wina angakondwere kuona makina akuthamanga, koma ine ndimasankha kuyenda mamita atatu kapena anayi pa mphindi osaima tsiku lonse.

Madalaivala a matipa nawonso ali ndi mbali yawo. Tipa imayenera kubwerera m'mbuyo n'kuima patsogolo pang'ono pa paver, ndipo paver ndi imene imafika n'kuyamba kuikankha modekha. Tsiku lina dalaivala wachilendo anabwerera mwamphamvu n'kugunda makina, screed inakankhidwira m'mbuyo, ndipo panatsala mzere wodutsa msewu wonse umene rola inalephera kuufafaniza. Mlandu sindinauike pa iye yekha, chifukwa unali udindo wanga kuonetsetsa kuti pali munthu womukodola ndi kumuimitsa. Kuyambira pamenepo, dalaivala aliyense watsopano ndimayamba ndalankhula naye ndisanamulole kuyandikira, ndipo ndimamuuza kuti, "Achimwene, mukaona dzanja lakwezedwa muime pomwepo, ine ndikupezani."

Kutentha kwa phula sitikuyeza ndi maso. Nthawi zambiri limafika lili pa madigiri 140 mpaka 160, ndipo kutsendera kumayenera kutha lisanatsike kufika cha m'ma 80, chifukwa likazizira kuposa apo rola imangoyendapo chabe. Mu Okutobala dzuwa la ku Kasungu limatipatsa mpata wokwanira, koma mu Juni ndi Julayi mphepo ya m'mawa imaziziritsa phula lopyapyala mofulumira kwambiri, choncho matipa amafunika kufunditsidwa matenti, ndipo screed imayenera kutenthetsedwa bwino tisanayambe. Screed yozizira imamata phula n'kulikoka, ndipo kumbuyo kumatsala zong'ambikang'ambika. Mvula ikayamba kuwaza timaleka, pakuti phula lothiridwa ponyowa silimamatira pansi.

Palinso chizolowezi china chimene ndimalimbana nacho, chomwe ndi kukombeza bokosi la kutsogolo, limene matipa amakhuthuliramo phula, mpaka kuyera tipa iliyonse ikachoka. Miyala ikuluikulu imagubuduzikira m'mbali mwa bokosilo n'kuzizira kumeneko, ndipo mukapinda mapiko ake bokosi lili lopanda kanthu, miyala yokhayokhayo imapita pansi pa screed n'kupanga chigamba chokhakhala. Madzi a mvula amalowa pa chigamba chimenecho, ndipo malole olemera a pa M1, kuphatikizapo onyamula fodya wopita ku Chinkhoma, amamalizitsa ntchito yofukula dzenje. Anthu akamadandaula kuti msewu watsopano wayamba maenje mvula yoyamba, nthawi zina chiyambi chake chimakhala chimenechi, ngakhale kuti maziko ofooka ndi ngalande zotsekeka zimawononganso kwambiri.

Polumikiza mbali ziwiri za msewu, screed ndimaidutsitsa masentimita awiri kapena atatu pamwamba pa mbali imene inathiridwa kale, m'mphepete mwake mutapakidwa phula lamadzi lomatira, ndipo anyamata a reki ndimawaletsa kumwaza zotsalira pamwamba pa phula latsopano. Pamene tinalekezera dzulo timayamba taikapo chitsulo chowongoka cha mamita atatu, n'kudula mbali yonse imene yatsetsereka, kenako n'kuika timatabwa pansi pa screed kuti iyambire pa msinkhu woyenera. Ntchito imeneyi imadya theka la ola m'mawa uliwonse, ndipo tipa yoyamba ndimaiitana pokhapokha ndikagwada n'kuona ndekha kuti pansi pa chitsulo chowongoka chija sipakudutsa kuwala.