Lachitatu, tsiku la mitu ya kafukufuku

Lero ophunzira a chaka chomaliza amabweretsa mitu ya kafukufuku wawo, ndiye pakhomo pa ofesi panali mzere kuyambira m'mawa. Chaka chino tinagwirizana m'dipatimenti kuti tiziwalozera ku nkhani za kusintha kwa nyengo ndi kutha kwa zamoyo. Palibe anatsutsa, poti lipoti la 2019 la IPBES, bungwe la mayiko lounika za zamoyo, linanena kuti mitundu pafupifupi 1 miliyoni ya nyama ndi zomera ili pangozi yotheratu.

Woyamba kulowa anali mtsikana wina wakhama kwambiri. Papepala analemba kuti afufuza mmene kusintha kwa nyengo kukukhudzira zamoyo zonse.

"Zamoyo zake ziti?" ndinatero. "Nanga mukayeza chiyani, kuti, liti?"

Anaseka mwamanyazi. "Aphunzitsi, ndimayesa mutu ukakula ndiye mamalikisi achuluka."

Ambiri amaganiza choncho. Koma akatswiri a zanyengo amasonkhanitsa zoyeza za zaka 30 asananene kuti nyengo ya malo akuti ndi yotere, pomwe wophunzira ali ndi miyezi yowerengeka, ina n'kuthera pa mayeso. Chaka chimodzi chotentha si umboni wa kanthu. Tinaudula mutu uja mpaka kutsala kakang'ono: aziwerenga njuchi ndi tizilombo tina totera pa maluwa pamalo amodzi, ola lomwelo, n'kumalemba kutentha kwa tsikulo. Zimene apeze adzaziika pa GBIF, nkhokwe ya pa intaneti yosunga mbiri ya kumene zamoyo zapezeka. Wa chaka chamawa adzapitiriza pomwepo, osasintha njira.

Nkhope ya mtsikana uja inagwa, ngati ndamupatsa ntchito ya ana. Ndinamufotokozera za gulu la okonda tizilombo la ku Krefeld, ku Germany, ambiri mwa iwo ongodzipereka. Kuyambira 1989 ankatchera misampha ya mtundu umodzi, n'kumayeza kulemera kwa tizilombo togwidwa. Zotsatira zitatuluka mu 2017, zinaonetsa kuti m'malo otetezedwa 63, kulemera kwa tizilombo touluka togwidwa kunachepa ndi maperesenti oposa 75 m'zaka 27. Amene anayeza botolo loyamba la tizilombo sakanadziwa zimenezo. Anangoyeza bwino, n'kulemba tsiku ndi malo.

Masana mnzanga wina anandiponyera mawu akuti tikukankhira ana ku nkhanizi chifukwa ndi kumene kuli ndalama za opereka thandizo. Pang'ono akunena zoona. Ine wophunzira amene mtima wake uli kwina sindimukakamiza, chifukwa kafukufuku wokakamiza amathera kukopera za ena. Koma nkhaniyi si ya asayansi okha. Mnyamata wina wa zamalamulo anabwera ndi funso limene linandisangalatsa kuposa onse: mayiko anagwirizana ku Montreal mu 2022 kuti pofika 2030 adzateteze maperesenti 30 a mtunda ndi nyanja, nanga anthu amene akukhala kale m'malo amenewo ufulu wawo uli pati? Ndinamutumiza kwa womuyang'anira woyenera.

Madzulo ndinalowa m'chipinda chosungira mabuku a kafukufuku wakale, kufuna oti ana a chaka chino apitirize. Fumbi lokhalokha. Ena anagwira ntchito yabwino ndithu, koma sanalembe malo enieni kapena mwezi umene anayeza, ndiye palibe poyambira. Mawa pamsonkhano ndikapempha kuti aliyense azipereka ziwerengero zake zonse pamodzi ndi bukulo, apo ayi tisamasainire.