Filimu ya Dengler yandiyambanitsa ndi bwana

Anzanga omasulira mafilimu, sabata yathayi yandiwawa ndipo ndikufuna mumve. Lolemba ndi Lachiwiri panalibe zachilendo, ma episodi a siriz ya ku Korea ija azimayi amaifuna daily, kenako ya karate imodzi. Magetsi anali ozimazima, jenereta bwana akuti mafuta adula, ndiye timangokhala pabenchi kudikira, akayaka tonse nkuthamangira maiki imodzi yomweyo, hedifoni yake imamveka khutu limodzi kuyambira chaka chatha.

Lachitatu bwana anabwera ndi Rescue Dawn pa flash, ati anyamata a ma burning akufuna ya nkhondo ya Vietnam, ituluke Lachisanu. Iwo anangoona chikuto nkuganiza kuti ndi ya makomando. Ndi filimu ya Werner Herzog ya 2006, Christian Bale akusewera Dieter Dengler, munthu weniweni, wobadwira ku Germany amene anadzakhala pailoti wa asilikali apamadzi a America. Ndege yake inagwetsedwa ku Laos pa 1 February 1966, a Pathet Lao, asilikali achikomyunizimu a ku Laos komweko, nkumugwira. Kuwomberana kulimo pang'ono chabe. Zambiri ndi anthu ali mkanyumba kansungwi, usiku miyendo yawo aitsekera m'matabwa manja ali mu unyolo, wina akatsegula m'mimba ndi pomwepo, akubisa timpunga pang'onopang'ono kuti akadye pothawa, akudikira mvula iyambe chifukwa chilimwe mnkhalango muja madzi akumwa mulibe. Fayilo yake inalibe ma subtitle, anthu akulankhula monong'ona, ndiye usiku umenewo ndinaionera yonse mobwezabweza kuti ndimve bwinobwino.

Lachinayi ndili pakati kujambula bwana analowa, anamvera pang'ono nkundiimitsa. "Achimwene, iyi anthu agona nayo mu vidiyo sho. Dulani za mndendezi, ikani nthabwala." Pamene akaidi awapatsa mbale ya mphutsi kuti adye, ati ndinene kuti afika pa kanyenya. Ndinangokhala chete. Koma titafika pa Duane, mkaidi mnzake wa Dengler, ndi pamene ndinavula hedifoni.

Amene munaionera mukudziwa. Dengler ndi Duane Martin, pailoti wa helikopita, athawa limodzi opanda nsapato, mapazi ang'ambikang'ambika, misundu ili thupi lonse, apeza soli imodzi yokha ya nsapato ndiye amasinthana kuimangirira kuphazi. Duane watheratu, akuyenda chifukwa mnzake akumukoka. Afika pafupi ndi mudzi, agwada kupempha chakudya, munthu wa mmudzimo nkumutema Duane ndi chikwanje mpaka kufa. Izi zinachitikadi mu 1966. Bwana ati pamenepo ndiikepo mawu oseketsa kuti holo iphulike. Ndinawauza kuti bwana, apa nthabwala ine sindiika, mundikhululukire.

Musandimve molakwa, nthabwala ndi ntchito yathu, ndimaziika ndipo anthu amandidziwa nazo. Ngakhale mufilimu yomweyi muli malo oti munthu aseke, Dengler mwiniwake ndi wanthabwala, ndi amene amalimbitsa anzake mtima. Koma amene amakhala pamabenchi a vidiyo sho si anthu osadziwa njala. Ambiri makolo awo anadya gaga ndi mizu ya nthochi mu 2002, ena anaika maliro chaka chimenecho. Munthu wotero ukamuonetsa mwamuna wamkulu nthiti zili pamtunda akulota chakudya, safuna kuti umuseketse, amamva yekha, iwe ntchito yako ndi kumuuza zimene akunenazo basi. Bwana amawatenga makasitomala ngati ana.

Ndinachitanso china chimene sanachikonde. Mufilimumo Eugene DeBruin, mmodzi wa akaidi aja, amaoneka ngati wosokonekera mutu, woopseza kuti awaulula anzake. Abale ake anadandaula poyera kuti munthuyo sanali wotero, kuti anasankha kutsagana ndi mkaidi mnzake amene ankadwala, ndipo mpaka lero sanapezeke. Ndinaikapo ziganizo ziwiri kunena zimenezo, chifukwa anthu athu akamva womasulira wanena amatenga ngati mbiri yeniyeni. Bwana ati ndikutaya nthawi, kuno si kusukulu.

Vuto lenileni ndi kalipiridwe. Amatilipira pa filimu, kaya waionera kaye kaya wangoyatsa maiki nkumalota, ndalama ndi yomweyo, ndiye amene amasamala ndi amene amaluza. Mwezi uno malipiro achedwanso.

Lachisanu mmawa ndinapeza andiika pa za ku Nigeria, theka lotsala la Dengler apatsa mnyamata watsopano uja. Iye sindikumuda, angomuuza zochita ndipo akufuna ntchito. Anaimaliza masana omwewo osaionera. Za mndende anadula pafupifupi theka, moti woonera sangadziwe kuti mpunga uja wachokera kuti, kapena kuti msomali umene Dengler amatsegulira unyolo anaupeza bwanji. Pa Duane nthabwala ija ilipo. Pamene helikopita ikumunyamula Dengler, munthu amene wakhala masabata atatu mtchire, anaikapo nyimbo yamadansi. Ndipo koyambirira kuli jingo ya dzina langa, chifukwa ndi imene imagulitsa.

Loweruka ndinapita kukawapempha kuti achotse dzina langa, ati yapita kale mma memory card a anthu, palibe chimene angachite. Gawo langa loyamba ndinalisunga pa flash yanga. Ngati alipo wa situdiyo amene angandibwereke maiki madzulo amodzi ndimalize theka linalo mmene liyenera kukhalira, andiuze, mafuta a jenereta ndigula ndekha.