Mbiri ya a Lakota ndikuiphunzira mu nyimbo za country

Temu ino tikuphunzira za eni nthaka a ku America, ndiye mmalo modalira manotsi okha ndakhala ndikusakasaka nyimbo zawo pa YouTube. Ife country timaidziwa ya Jim Reeves ndi Don Williams, zija amakonda madala pa wayilesi, za makauboyi basi. Koma kuli anthu anatenga gitala yomweyo, kayimbidwe komweko, nkumafotokozera momwe azungu anawalandira dziko.

Woyamba kumumvera anali Floyd Red Crow Westerman, iyeyu anali m'Dakota, abale awo a a Lakota (yonseyi ndi mitundu ya eni nthaka). Chimbale chake cha 1969 chili ndi mutu ofanana ndi buku la Vine Deloria Jr., Custer Died for Your Sins. Mau ake ndi a besi, odekha, ukapanda kutchera khutu ungaganize kuti akudandaula za chibwenzi, pomwe akukamba za amishoni ndi masukulu ogonera komweko omwe ankaletsa ana kuyankhula chinenero chawo. Iye mwini anadutsamo mmasukulu amenewo.

Custer uja, yemwe anali mkulu wa asilikali a boma la America, ndi amene anandifikitsa pa nkhani ya mapiri a Black Hills, ndipo apa mpamene ndathera nthawi yambiri. Mu 1868 boma linasainirana ndi a Lakota ku Fort Laramie kuti mapiriwo ndi awo. Mu 1874 gulu la asilikali a Custer lapezamo golide, basi pangano lathera pompo, anthu okumba kukhamukira konko, nkhondo kubuka, Custer kuphedwa ku Little Bighorn mu 1876, chaka chotsatira mapiri kulandidwa. Mu 1980 khoti lalikulu linagamula kuti a Lakota ndi abale awo alipidwe ndalama zoposa madola 100 miliyoni koma anakana, akuti mapiri sagulitsa, mpaka pano ndalamazo zikungoswana osazikhudza. Ganizani, anthu ake ambiri ndi osaukitsitsa.

Johnny Cash nayenso ali ndi nyimbo ya Big Foot, mfumu ya a Lakota yomwe inaphedwa ndi asilikali a boma limodzi ndi anthu ake oposa 200 ku Wounded Knee pa 29 December 1890, ambiri amayi ndi ana. Ndiyabwino ndithu, koma kwa ine imamveka kuti ndi mlendo wachifundo akuimba. Buddy Red Bow wa ku Pine Ridge, dera lomwe boma linapatulira a Lakota, anali mLakota weniweni, ankaimba za kwawo, ndipo ndi amene ndikufuna kulembapo asayimenti, vuto nyimbo zake nzosowa komanso bandulo ikundithera msanga.