Makungwa a muwawani m'chikwama

Lachitatu, kumudzi ku Santhe.

Agogo andidzutsa kusanayere bwino, ati muwawani uli patali ndipo dzuwa la ku Kasungu kuno siliyembekeza munthu. Tadutsa zigafa za fodya, takwera kamtunda, n'kuupeza mtengowo, nyemba zake zazitali zikulendewera. Asenda khungwa mbali imodzi yokha. "Ukazunguliza wapha mtengo, Nabanda. Mawa udzasenda kuti?"

Makungwawa ndi a kafukufuku wanga wa digiri yachiwiri ku KUHeS, yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu. Ndikawaumitsa pamthunzi, kuwapera, kuwaviika mu methanol (mtundu wa sipiriti wotulutsira mankhwala m'khungwa), kenako kuona ngati zotulukazo zikupha tizilombo ta malungo mu labotale. Atsibweni amvetsera mpaka pamenepo n'kuseka: "Sukulu yonseyi kuti mukapeze zimene amayi akudziwa kale?" Zandipweteka pang'ono, sindinama. Koma agogo akudziwa kuti munthu anamwa n'kudzuka. Chimene chinamudzutsa m'khungwamo n'chiyani, mulingo wa mwana wa makilo 10 ndi wotani, chiwindi chikulandira bwanji, izi zimafuna zaka, ndipo zambiri zopha tizilombo m'mbale zimakalephera m'thupi la munthu.

Masana, tikudya nsima ya nkhwani wotendera, ndawasimbira za LA, mankhwala a malungo a kuchipatala. Dziko lathu linasiya chloroquine mu 1993 tizilombo titamuzolowera, Fansidar nayenso anafooka, ndipo mu 2007 tinayamba LA. Artemether wa mu LA uja gwero lake ndi chitsamba cha ku China, Artemisia annua. Mayi Tu Youyou ndi anzawo poyamba zinkawavuta, mpaka anawerenga m'buku lakale la kwawo kuti chitsambacho ankangochiviika m'madzi n'kufinya, osaphika. Anaganiza kuti moto ndiwo ukuwononga mankhwala, anatsitsa kutentha, zinatheka. Mphoto ya Nobel anailandira mu 2015, patapita zaka zoposa 40.

Apa mpamene ndazindikira kuti pafomu yanga ya mafunso pali dzina la mtengo, mbali yogwiritsa ntchito ndi matenda, koma kakonzedwe palibe. Manyazi bwanji!

"Agogo, inu mumawiritsa kapena mumangoviika?"

Andiyang'ana ngati ndafunsa ngati nsima amaphikira ufa. Ati wa m'mimba amaviika usiku wonse, wa kutentha thupi amawiritsa, ndipo mayi woyembekezera samupatsa n'komwe. Ndalemba zonse kuseri kwa fomu.

Netiweki yabwera cha m'ma 8 usiku, pachulu paja. Ndawalembera a supervisor kuti ndikufuna kuwonjezera zoyesa ziwiri, madzi ozizira ndi madzi owira. Ayankha kuti ndalama ya ma reagent, mankhwala oyesera mu labotale, ndi yomwe ija. Tikakambirana Lolemba ku Blantyre.