Mmene Ndimathamangira M'tinjira ta Pamwamba pa Maphompho a Nyanja Yamchere

Ulendo wothamanga m'kanjira kotsata gombe lamiyala la nyanja yamchere ndimauyamba dzulo lake, nditakhala pansi ndi zinthu zitatu: mapu, ulosi wa zanyengo, ndi ndandanda ya nthawi imene madzi amakwera ndi kuphwa. Pa zitatuzi ndimayambira pa ndandanda ya madzi, chifukwa mphepo munthu akhoza kulimbana nayo, koma nyanja ikatseka njira, yatseka basi.

M'magombe ambiri madzi amadzaza kawiri ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo kuchokera pamene adzaza kufika pamene adzazenso pamadutsa maola 12 ndi mphindi pafupifupi 25, kotero kuti nthawi imene munthu anawoloka malo ena sabata yatha siingamuthandize lero. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukakhala mumdima, madzi amakwera kwambiri ndiponso amaphwa kwambiri kuposa masiku ena. Chimene chimapusitsa anthu ambiri n'chakuti madziwo sakwera pa liwiro limodzi. M'ola loyamba amabwera mwakachetechete moti mchenga umaoneka ngati ulipo wambiri, koma pafupifupi theka la kukwera konse limachitika m'ola lachitatu ndi lachinayi, ndipo nthawi imeneyo ndi imene munthu amapezeka atapanikizika pakati pa thanthwe ndi mafunde. N'chifukwa chake pamapu ndimayika chizindikiro paliponse pamene kanjira kamatsikira kumchenga kapena kuwoloka mtsinje pamene ukuthirira m'nyanja, kenako ndimawerengera chambuyo kuti ndidziwe nthawi yonyamukira. Amene amadutsa njira ya Otter Trail ku Tsitsikamma m'dziko la South Africa, yomwe ndi ya makilomita oposa 40 pakati pa Storms River Mouth ndi Nature's Valley, amachita zomwezi pofuna kufika pamtsinje wa Bloukrans madzi ataphwa.

Kuwerengera chambuyoko kumafuna kuti munthu asadzinamize za liwiro lake. Makilomita a m'gombe lotere sali ngati a pamsewu, pakuti kanjira kamatsikira m'chigwa chilichonse chimene mtsinje unakumba n'kukweranso tsidya linalo. Njira ya South West Coast Path ku England ndi yotalika makilomita 1,014, ndipo malo ake okwera kwambiri, Great Hangman, ndi a mamita 318 okha, koma woimaliza yonse amakhala atakwera mamita pafupifupi 35,000, kumene kuli ngati kukwera phiri la Everest pafupifupi kanayi. Poyerekeza nthawi ndimagwiritsa ntchito lamulo limene William Naismith anakhazikitsa mu 1892 la anthu oyenda pansi, lomwe limapereka ola limodzi pa makilomita 5 alionse ndi ola linanso pa mamita 600 alionse okwera. Wothamanga amafulumirapo ndithu, komabe chiwerengerochi chimandiuza nthawi imene ndingatenge ngati nditabinya mwendo n'kumaliza ulendo ndikuyenda, ndipo nthawi imeneyo ndi imene ndimaiyerekeza ndi madzi komanso kulowa kwa dzuwa.

Pa ulosi wa mphepo ndimayang'ana kumene ikuchokera ndi mphamvu ya kuwomba kwake kwadzidzidzi, osati liwiro lake lapakatikati lokha. Pa muyeso wa mphamvu ya mphepo wotchedwa Beaufort, mphepo ya pa nambala 7, yothamanga makilomita 50 mpaka 61 pa ola, ndi imene imayamba kumuvutitsa munthu poyenda moyang'anizana nayo. Ine ikapitirira pamenepo sindikwera pamwamba pa maphompho, ndimasankha njira ya kumtunda. Imene ndimaiopa kwambiri ndi yochokera kumtunda kulowera kunyanja, chifukwa imakukankhira kuphompho, pamene yochokera kunyanja, ngakhale imakunyowetsa ndi kukulowetsa mchere m'maso, imakukankhira kumene kuli nthaka. Ngati ulendo ndi wopita ndi kubwerera, ndimayamba moyang'anizana ndi mphepo miyendo idakali ndi mphamvu, kuti pobwerera, thukuta litanyowetsa malaya, ikhale kumsana.

M'kachikwama kakumsana ndimayikamo jekete yopepuka yosalowa mphepo ndi madzi, malaya ofunda ouma okulungidwa m'pepala la pulasitiki, chipewa, tochi ya pamutu, wenzulo, bandeji, madzi akumwa, chakudya chopatsa mphamvu msanga, ndi foni imene ndasungiramo mapu, popeza m'zigwa ndi pansi pa maphompho netiweki imasowa. Malaya a thonje ndimawasiya chifukwa akanyowa sauma msanga ndipo amakoka kutentha kwa thupi. Nsapato zimafunika za mphira wofewa wogwira pamwala wonyowa, zokhala ndi mano kunsi kwake, ndiponso zotulutsa madzi mwachangu. Ndisananyamuke ndimauza munthu wina njira yanga ndi nthawi imene ayambe kuda nkhawa ngati sanandimve.

Ndikayamba kuthamanga, wotchi ndimaiyang'ana pofuna kudziwa za madzi basi, liwiro ndimalimvera m'kapumidwe. Pamene mphepo ikundiwomba kumaso ndimafupikitsa mapazi, ndimaweramira patsogolo pang'ono kuyambira mu akakolo, ndipo ndimavomereza kuti ndikuyenda pang'onopang'ono, chifukwa kukakamira liwiro la pamsewu kumamaliza mphamvu ulendo usanafike pakati. Zitunda zazitali ndi masitepe osemedwa m'thanthwe ndimakwera choyenda, manja ali pantchafu, ndipo sindiona chochititsa manyazi pamenepo. Potsetsereka maso amakhala masitepe angapo kutsogolo, osati pazala za kumapazi, ndipo manja ndimawatambasula pang'ono kuti thupi lisapendekeke.

Malo amene amafuna maganizo onse ndi pamene mtunda umalowa m'nyanja ngati mphuno. Ukamatuluka m'chigwa chabata umayamba wamva mkokomo usanaimve mphepoyo pathupi, udzu wa kutsogolo umauona utagona mbali imodzi, kenako ukangopinda pakona imakumenya pachifuwa, jekete n'kuyamba kulira phephephe kumsana. Ndikaona udzu wogonawo ndimasiya kuthamanga, ndimatsamira mbali ya kumtunda ya kanjirako, ndimapinda mawondo, ndipo ngati kuwombako kwanyanya ndimagwada n'kudikira kuti kudutse. Kumphepete kwenikweni kwa phompho sindifikako ngakhale kunja kuli bata, chifukwa mafunde ndi mvula zimadya thanthwe chapansi, ndipo udzu umene ukuoneka wolimba pamwamba ukhoza kukhala wopanda chouchirikiza kunsi. Ming'alu ya m'nthaka yotsatana ndi mphepete mwa phompho ndi chizindikiro chakuti dothi layamba kale kulekana, makamaka pambuyo pa mvula yambiri. Ndikafuna kuyang'ana nyanja, kapena mbalame zimene zikuuluka pansi panga, ndimaima kaye, popeza maso sangakhale pamadzi ndi panjira nthawi imodzi.

Kutsikira kugombe kumabweretsa ntchito ina. Mchenga wouma umameza mapazi ndipo umatopetsa akatumba, choncho ndimatsata wonyowa umene mafunde angousiya kumene, womwe umakhala wolimba. Pansangalabwi sipathamangika bwino, ndimangodutsapo ndi mapazi afupiafupi. Pamatanthwe ndimasankha poponda poyang'ana mtundu: mwala wouma wotuwa umagwira, wokhala ndi tizigoba tokakamira umagwira koposa, koma wa ndere zobiriwira kapena wakuda wonyezimira umaterera ngati sopo, ndipo pamenepo ndimagwiritsa ntchito manja omwe. Ndisanadutse malo opapatiza amene mafunde amafikako, ndimaima pamalo okwera kwa mphindi zingapo n'kumaonerera, chifukwa mafunde amabwera m'magulu, ndipo pambuyo pa ang'onoang'ono angapo pamatha kubwera lalikulu lofika pamene enawo sanafike. Nyanja sindiipatsa msana. Ndikapeza kuti madzi afika kale pamalo amene ndimafuna kudutsa, ndimabwerera kukatenga njira ya kumtunda, ngakhale italikitse ulendo.

Mphepo imaumitsa thukuta msanga moti munthu samva kuti akutaya madzi, choncho ndimamwa pang'onopang'ono osadikira ludzu, ndipo pa ulendo wopitirira ola limodzi ndi theka ndimadya chakudya chopatsa mphamvu cha magalamu 30 mpaka 60 pa ola. Podya ndimabisala kuseri kwa thanthwe ndipo jekete ndimavala ndisanayambe kumva kuzizira. Kunjenjemera kosalekeza, zala zolephera kutseka zipi, ndi kulankhula kosamveka bwino ndi zizindikiro zakuti kutentha kwa thupi kukutsikira ku madigiri 35, ndipo zikatero kuthamanga kwatha, chofunika ndi kuvala zouma ndi kufuna thandizo. Chifunga chikagwa kuchokera kunyanja ndimayenda m'malo mothamanga ndipo sindichoka m'kanjira. Woitana thandizo ndi wenzulo amaliza kasanu ndi kamodzi, n'kupuma mphindi imodzi, n'kubwerezanso.

Ndikafika kumapeto ndimavula zonyowa nthawi yomweyo, chifukwa thupi limazizira mofulumira likangosiya kugwira ntchito, kenako ndimatumiza uthenga kwa amene ndinamuuza za ulendowu. Nsapato, jekete ndi kachikwama ndimazitsuka ndi madzi opanda mchere tsiku lomwelo n'kuziyanika pamthunzi, pakuti mchere umaumitsa zipi ndipo mchenga wotsalira m'nsapato umadya nsalu ndi kuyambitsa matuza pa ulendo wotsatira.