Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Ngolo ya hatchi ya ku Douglas

Paja gawo latha ndinasiyira pomwe ndinatsika sitima ya pamadzi ku Douglas, pa chilumba cha Isle of Man, pakati pa Britain ndi Ireland, chikwama kumanja mapepala a ntchito kumanzere, mphepo ikundikwapula ngati ndaba nkhuku.

Ofu yanga yoyamba ndinati ndikawongole miyendo m'mbali mwa nyanja, ndiye ndikungomva kuti kwapu kwapu kumbuyo, kucheuka, aaa hatchi chimphona ikukoka chingolo chodzaza anthu, chikuyenda pa njanji pakati pa msewu, magalimoto akuchipatsa ulemu. Ndinaseka ndekha. Ine kuthawa ngolo ya ng'ombe ku Mitundu, kudzaipezanso kwa azungu, yolipira tikiti!

Mawa lake ku ntchito, kunyumba yosamalira okalamba ija, ndinawauza agogo ena omwe ndinkawadyetsa phala, mayi wobadwira konkuno, maso anangoti ngwee. Akuti "mwana iwe, imeneyo ndi tramu, usaitchule ngolo." Ndiye anandiyalira mbiri yonse phala mpaka kuzizira, zina ndinadzawerenga ndekha pambuyo. Anaiyambitsa ndi Thomas Lightfoot, injiniya wochokera ku Sheffield, mu 1876, khonsolo ya tawuni inadzaitenga mu 1902, ndipo kuyambira 1927 imangoyenda nyengo yotentha basi alendo akachuluka. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse inaima kaye, mahotela ena a m'mbali mwa nyanjamo atazingidwa ndi waya waminga n'kusanduka mosungira anthu ochokera mayiko a adani, inayambiranso mu 1946. Apa agogo anakhala chete kanthawi, ine sindinafunse zambiri.

Chomwe chinawapweteka kwambiri ndi cha 2016, khonsolo italengeza kuti yatopa ndi kuluza ndalama ikutseka, anthu anakwiya zedi mpaka boma la pachilumbapo linaitenga n'kumaiyendetsa lokha.

Ine nkhawa yanga inali pa hatchi, ndinati agogo si nkhanza zimenezi? Akuti ayi, chitsulo pa chitsulo sichilemera ngati tayala mumchenga, ikangoyamba kuyenda basi yapepuka. Poyamba ndinakayika koma nditakwera mpaka ku Derby Castle, komwe umasinthira tramu yamagetsi, ndinaona hatchi yake yonenepa bwino kuposa ine, ikudziwa yokha poima.

Koma chinandimaliza ndi ichi: hatchi zikakalamba zimapita kopumira kwake, Home of Rest for Old Horses, malo omwe alipo kuyambira 1950, zimangodya msipu anthu n'kumabwera kudzaziona. Usiku womwewo ndinawaimbira mayi pa WhatsApp, ndati amayi kuno hatchi zili ndi penshoni. Anati "usandinamize iwe, nanga bambo ako anagwira ntchito zaka zonse zija..." netiweki inadukira pomwepo.

Gawo likubwerali ndikuuzani za malipiro anga oyamba ndi jekete yomwe ndinagula yosakwana.